Munthu amene saoneka pasiteji: ntchito ya ejenti wa oimba, potsata moyo wa Frank Barsalona

Woimba wotchuka akapanda kufika pamalo pomwe anthu agula kale matikiti, kapena mtengo wa tikiti ukakwera mpaka kuboola m'thumba, anthu amafuna woti amuloze chala. Wina amati walakwa ndi manijala, wina amati pulomota, winanso amati ejenti, ngati kuti onsewa ndi munthu mmodzi wa maina atatu. Chisokonezochi chinaonekera kwambiri mu Meyi 2024, pamene boma la America pamodzi ndi zigawo pafupifupi 30 za dzikolo linakasumira kampani ya Live Nation ndi nthambi yake yogulitsa matikiti ya Ticketmaster. Boma linati kampaniyo yatsekereza anzake pa malonda a zoimbaimba, ndipo kampaniyo inakana. Ambiri amene anatsatira mlanduwo anayamba kufunsa: kodi woimba asanakwere pasiteji, ndalama ndi mapangano zimadutsa m'manja mwa yani?

Mmodzi mwa anthu amenewo dzina lake silikhala pa chikwangwani, ndipo owonera sangamuzindikire ngakhale ataima naye pamzere umodzi. Ameneyu ndi ejenti. Njira yosavuta yomvetsera ntchito yake ndi kutsata munthu amene anaigwira kwa zaka pafupifupi 40, yemwenso anakhazikitsa kachitidwe kambiri kamene makampani amakanganirana lero. Dzina lake ndi Frank Barsalona, wa ku New York.

## Manijala, pulomota, ejenti

Manijala ndi woyang'anira ntchito yonse ya woimba. Amalangiza za chimbale, amakambirana ndi kampani yojambula nyimbo, amadziwa za ngongole, nthawi zina ngakhale za m'banja. Kawirikawiri amatenga magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse a zimene woimba amapeza.

Pulomota ndi mwini phwando. Amabwereka holo kapena bwalo, amalipira zokuzira mawu, achitetezo ndi zolengeza, kenako amagulitsa matikiti. Anthu akabwera ochepa, amene amagona osatseka maso ndi iyeyu.

Ejenti amaima pakati pa awiriwa, koma ali mbali ya woimba. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kupezera woimba malo oimbira, tsiku ndi mtengo, ndi kumanga pangano. Malipiro ake ndi komishoni, kutanthauza gawo la ndalama zimene woimba walandira pa tsikulo, ndipo mwachizolowezi ndi 10 pa 100 alionse, ngakhale oimba akuluakulu amatsitsa chiwerengerochi. Ku California ndi ku New York malamulo amafuna kuti wopezera oimba ntchito akhale ndi chiphaso cha boma, n'chifukwa chake kumeneko manijala ndi ejenti amakhala anthu awiri osiyana.

Wina anganene kuti ameneyu ndi dobadoba chabe, wovala jekete. Pali kufanana ndithu, poti onse amadya chifukwa chodziwa khomo loyenera kugogoda. Koma dobadoba akalandira zake samakumbukanso nkhope yanu. Ejenti wabwino amafanana kwambiri ndi nkhoswe. Sathera pa tsiku la chinkhoswe. Zikavuta patapita zaka khumi, ndi iye amene amaitanidwa, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kukhulupirira mawu ake ngakhale zikudziwa kuti iye ndi wa kuchimuna kapena wa kuchikazi.

## Mmene zinalili Barsalona asanayambe

Makampani opezera anthu aluso ntchito ndi akale ku America. William Morris inayamba mu 1898. MCA inayamba mu 1924 popezera mabandi malo ovinira, ndipo inakula mpaka boma linaikakamiza kusiya ntchito ya uejenti mu 1962 chifukwa inalinso yopanga mafilimu ndi mapulogalamu a pa kanema.

Barsalona anabadwa mu 1938 ku Staten Island. Ali mwana nayenso ankaimba nyimbo za mtundu wa country. Atakula analowa ntchito ku General Artists Corporation, imene anthu ankangoitcha GAC, ndipo anayambira m'chipinda chosankhira makalata, momwe maejenti ambiri a ku America amayambira. M'makampani amenewa nyimbo za rock zinkaonedwa ngati zachibwana. Ndalama zenizeni zinali m'mafilimu, pa kanema ndi m'makalabu apamwamba a usiku. Mnyamata wa gitala akatulutsa nyimbo imodzi yogunda, maganizo anali akuti mumufinye msanga asanaiwalike.

Kufinyako kunkachitika motere. Oimba khumi kapena kuposa ankakwezedwa m'basi imodzi n'kuzungulira mizinda, aliyense n'kumaimba nyimbo ziwiri kapena zitatu, kenako wotsatira. Maulendo a Dick Clark, wowulutsa pulogalamu ya nyimbo pa kanema, amene anayamba mu 1959, anali otchuka pa kachitidwe kameneka. Zokuzira mawu zinali zofooka, ndipo okonza maphwando ambiri anali achikulire amene nyimbozo sankazikonda n'komwe. Palibe amene ankaganiza kuti gulu la rock lingakhale likudzaza mabwalo patatha zaka 30.

GAC ndi imene inakonza ulendo wa The Beatles ku America mu 1964, ndipo Barsalona anaona pafupi khamu limene linatuluka. Anaonanso kuti mabwana ake sanasinthe maganizo. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 26, anatsegula kampani yake, Premier Talent, yoona za rock basi.

## Kubetcha pa siteji

Ganizo lake linali losavuta kulinena koma panthawiyo linali lachilendo. Nyimbo yogunda pa wailesi imakhala miyezi itatu. Gulu limene limadziwa kugwira anthu pasiteji limatha kubwerera mumzinda womwewo chaka ndi chaka, ndipo ulendo uliwonse khamu limakula, kaya pa wailesi pali nyimbo yatsopano kaya palibe. Choncho posankha oti awaimirire, ankayang'ana kwambiri mmene amachitira pamaso pa anthu kusiyana ndi malo amene ali pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri.

Nkhani ya The Who imasonyeza mmene ankagwirira ntchito. Mu Malichi 1967 mkulu wina wowulutsa mawu ku New York, Murray the K, ankakonza zoimbaimba za masiku angapo ndipo ankafunitsitsa Mitch Ryder, amene anali wa Premier. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti Barsalona anamuuza kuti akafuna Ryder atengenso gulu la ku England limene ku America linali lisanadziwike. Umo ndi mmene The Who inaimbira koyamba m'dzikolo. M'miyezi yotsatira anaiika kuti izitsegulira Herman's Hermits, gulu la nyimbo zofewa zokondedwa ndi atsikana achichepere, pomwe The Who inkamaliza ndi kuphwanya magitala ndi ng'oma. Zinali zosagwirizana, koma anthu zikwizikwi anaiona. Pofika Ogasiti 1969 inali pa siteji ya phwando lalikulu la nyimbo la Woodstock.

Chida chimenechi, chogwiritsa ntchito woimba wamkulu kukokera wamng'ono, ndicho mphamvu yaikulu ya ejenti amene ali ndi oimba ambiri. N'chimodzimodzi wa golosale amene amati shuga alipo koma mugulenso masamba a tiyi. Led Zeppelin inayamba chomwecho ku America pa 26 Disembala 1968 ku Denver, ikutsegulira Vanilla Fudge, chimbale chake choyamba chisanatuluke. U2 inaimba koyamba ku America mu Disembala 1980 m'kalabu ya The Ritz ku New York, ili kale m'manja mwa Premier. Mayina ena amene anadutsa pa kampaniyo ndi Bruce Springsteen, Tom Petty, Van Halen, Black Sabbath, Santana ndi Peter Frampton.

## Kodi tsiku lonse amachita chiyani?

Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi mapu ndi kalendala. Gulu likafuna kuyenda mizinda 30, ejenti ayenera kuyala ulendowo kuti malole onyamula zipangizo athe kufika kuchokera mumzinda wa usiku uno kupita wa mawa, madalaivala apume monga lamulo likufunira, woimba apumitse mmero, ndipo mizinda ikuluikulu igwere Lachisanu kapena Loweruka. Tsiku lopanda dansi ndi tsiku lotaya ndalama, chifukwa antchito, mahotela ndi malole zimalipiridwabe.

Vuto ndi lakuti holo iliyonse yabwino imafunidwa ndi ambiri. Maejenti amasungitsa masiku asanatsimikize, ndipo tsiku limodzi likhoza kukhala ndi osungitsa anayi kapena asanu pamzere. Amene ali wachitatu akakonzeka kulipira, amapempha eni holo kuti afunse amene ali patsogolo pake: mukutenga kapena mukusiya? Awo amapatsidwa tsiku limodzi kapena awiri kuti ayankhe. Tsiku limodzi likaphonyeka, ulendo wonse umatha kugwedezeka ngati mzere wa njerwa zoimika.

Apa m'pamene nkhaniyi imakhudza ife. Okonza maphwando a kunyanja monga Lake of Stars kapena Sand Music Festival akafuna woimba wa kunja, amene amayamba kuyankha kalata yawo kawirikawiri ndi ejenti. Funso lake loyamba silikhala lokhudza kukongola kwa nyanja ayi. Amafuna kudziwa ngati sabata imeneyo woimbayo ali ndi zochita ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku Lusaka. Ngati alipo, mtengo wa ndege ugawanika ndipo zinthu zitheka. Ngati palibe, phwando limodzi liyenera kusenza lokha matikiti a ndege a gulu lonse, malipiro n'kukhalanso a ndalama zakunja.

Chinanso chimene ejenti amasankha ndi kukula kwa malo, ndipo apa ndi pomwe nzeru zake zimaonekera. Woimba watsopano akatchuka amafuna bwalo lalikulu nthawi yomweyo. Maejenti odziwa ntchito amakonda kumuika m'holo ya anthu 1,500 imene idzadzaze mpaka ena kubwerera pakhomo, kusiyana ndi ya anthu 5,000 yokhala ndi mipando yopanda anthu kumbuyo. Amene wabwezedwa pakhomo chaka chino, chaka chamawa amagula tikiti tsiku loyamba. Amene anaona mipando yopanda anthu amakauza anzake kuti uja watha.

## Masamu a usiku umodzi

Mapangano ambiri amakhala ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi galanti, ndalama zimene pulomota walonjeza kupereka kaya anthu abwera kaya ayi. Nthawi zambiri theka lake limatumizidwa tsiku lisanafike ngati dipoziti, ndipo amene amalisunga ndi ejenti. Yachiwiri ndi gawo la phindu: woimba amalandira galanti kapena gawo lalikulu la zotsala zonse zikalipiridwa, malinga ndi chimene chakula pa ziwirizi.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Holo ndi ya anthu 2,000, tikiti ndi madola 50. Ikadzaza, pakhomo palowa madola 100,000. Pulomota wawononga 40,000 pa holo, zipangizo, achitetezo ndi kulengeza. Zotsala ndi 60,000. Pangano likuti woimba alandire galanti ya 40,000 kapena magawo 85 pa 100 a zotsala. Magawo 85 a 60,000 ndi 51,000, ndiye woimba atenga 51,000. Pulomota atsala ndi 9,000. Ejenti atenga 5,100 kuchokera ku mbali ya woimba.

Tsopano mvula yagwa, kapena kuli mpira waukulu usiku womwewo, ndipo abwera anthu 1,200 okha. Pakhomo palowa 60,000. Kuchotsa 40,000 kwatsala 20,000. Koma galanti ndi 40,000, ndipo iyenera kuperekedwa yonse. Pulomota apisa m'thumba mwake madola 20,000. Woimba walandira 40,000, ejenti walandira 4,000.

Taonani bwino manambalawo. Usiku wabwino ejenti wapeza 5,100, usiku woipa wapeza 4,000. Pulomota wachoka pa phindu la 9,000 kufika pa kuluza 20,000. Yesero la ejenti lili poyera: kwezani galanti mmene mungathere, zotsatira zake si zanu. Ejenti wongofuna za lero amachitadi zimenezo, ndipo chaka choyamba amaoneka katswiri. Koma pulomota akaluza kawiri katatu amatseka ofesi, ndipo mumzindawo simukhalanso munthu woti n'kuyesa naye woimba watsopano. Usiku umatha ndi kuwerengera, pamene woimira gulu ndi pulomota amakhala m'kachipinda kumbuyo kwa siteji ndi malisiti onse, kukangana ngati matawulo analidi a mtengo umenewo. Mkangano ukakula, foni imalira kwa ejenti, ngakhale ili 1 koloko usiku.

## Za maswiti abulauni

Kontirakiti imabwera ndi chikalata china chimene amachitcha rider, cholemba zonse zimene gulu likufuna pamalopo: mphamvu ya magetsi, kulemera kumene siteji ingapirire, chiwerengero cha onyamula katundu, chakudya. Chotchuka kwambiri ndi cha Van Halen, chimene chinkati kumbuyo kwa siteji kukhale mbale ya maswiti a M&M's koma abulauni onse achotsedwemo. Kwa zaka zambiri anthu ankachitenga ngati umboni wa matama a oimba olemera. Woimba wa gululo, David Lee Roth, anadzafotokoza kuti chinali chiyeso. Zipangizo zawo zinali zolemera ndi zoopsa zikaikidwa molakwika, ndiye akapeza switi yabulauni m'mbale ankadziwa kuti chikalatacho sichinawerengedwe bwino, ndipo ankayendera china chilichonse mwatsopano. Kaya chinali chiyeso chokha kaya munalinso matama pang'ono, nkhaniyi inakhala phunziro kwa okonza maphwando.

M'kontirakiti mumakhalanso lamulo loletsa woimba kukaimba pafupi ndi malowo kwa masabata kapena miyezi ingapo tsikulo lisanafike ndi litadutsa. Pulomota amafuna lamuloli likhale lotambalala kuti msika wake usagawike. Ejenti amalichepetsa kuti woimba wake asamangidwe miyendo.

## Kupatsa ndi kuika

Chimene Barsalona amakumbukiridwa nacho kwambiri si mndandanda wa oimba koma gulu la mapulomota limene analilera. Posafuna kugwira ntchito ndi achikulire aja, anafufuza anyamata okonda nyimbozo, ambiri mwa iwo oyendetsa makalabu ang'onoang'ono: Don Law ku Boston, Larry Magid ku Philadelphia, abale a Belkin ku Cleveland, Ron Delsener ku New York, Jack Boyle ku Washington, ndi Bill Graham amene anali ndi holo ya Fillmore ku San Francisco ndipo mu 1968 anatsegula ina ku New York.

Pangano lake ndi iwo silinalembedwe papepala. Linali lakuti: tengani gulu langa losadziwikali, mwina muluza usiku uno, mwina muluzanso likadzabwera kachiwiri. Koma likadzakula n'kuyamba kudzaza mabwalo a anthu 20,000, mumzinda mwanu lidzaimbira inu, osati wina amene wangotulukira ndi chikwama chachikulu. M'malonda amenewa zimenezi amazitcha kukhala ndi mbiri ndi woimba. Akuluakulu anati kupatsa ndi kuika, ndipo pulomota amene analuza madola mazana angapo pa gulu losadziwika mu 1969 ankadzakolola kwa zaka 20.

Dongosololi linathetsa vuto lenileni. Woimba watsopano ndi katundu woluzitsa, ndipo palibe wanzeru amene angamugule ngati phindu la mtsogolo lidzadyedwa ndi wina. Polonjeza mtsogolo, Barsalona anapatsa mapulomota chifukwa chogulira zokuzira mawu zabwino, kulengeza mwakhama ndi kuchitira ulemu gulu lotsegulira.

Koma panalinso odandaula, ndipo madandaulo awo si opanda pake. Dziko linagawika ngati minda, mzinda uliwonse ndi mwini wake. Mnyamata watsopano wofuna kukonza maphwando ku Boston kapena ku Philadelphia ankapeza kuti oimba onse aphindu ali kale ndi mwini. Oimba ena ankafunsa chifukwa chimene ayenera kukanira ndalama zambiri za mlendo pofuna kusunga ubale umene anamanga ndi ejenti osati iwo. Ena ankalitcha dongosololi kukhulupirika, ena ankaliona ngati kagulu kotsekera anzawo kunja. Zonse ziwiri zinali ndi umboni wake.

## Pamene nthaka inayamba kusuntha

Woyamba kugwedeza dongosololi anali Peter Grant, manijala wa Led Zeppelin. Pofika 1972 gulu lake linkadzaza malo alionse popanda kulengeza kwenikweni. Grant anaona kuti pulomota sakuika chilichonse pachiswe, ndiye anafuna magawo 90 pa 100, n'kuyamba kukambirana ndi mapulomota mwachindunji osadzera kwa ejenti. Apa panaonekera chilonda cha ntchitoyi: ejenti amafunika kwambiri woimba akali wamng'ono, pamene komishoni ndi yochepa, ndipo amatha kusiyidwa woimbayo akakula, pamene komishoni ikanakhala yonona.

Mu 1989 Michael Cohl wa ku Canada anachita china chachikulu. Anagula ulendo wonse wa The Rolling Stones ndi galanti imodzi ya mamiliyoni ambiri, kupambana Bill Graham amene anayendetsa maulendo a gululo m'mbuyomo. Ngati munthu mmodzi wagula mizinda yonse, mbiri ya pulomota wa mumzinda uliwonse ilibenso ntchito, ndipo ejenti sakhala ndi zambiri zoti ayale.

Kenako kunabwera Robert Sillerman ndi kampani yake ya SFX. Pakati pa 1996 ndi 2000 anagula makampani a mapulomota aja limodzi ndi limodzi, kuyambira la Delsener, kenako la Bill Graham, amene anali atamwalira pa ngozi ya helikopita mu 1991, la Don Law, la Jack Boyle ndi ena. Anyamata a m'makalabu aja anali atakula, ndipo mitengo imene anapatsidwa inali yovuta kukana. Mu 2000 Sillerman anagulitsa zonse kwa Clear Channel, kampani ya mawailesi, pa madola oposa 4 biliyoni kuphatikizapo ngongole. Mu 2005 nthambi ya zoimbaimba inapatulidwa n'kukhala Live Nation, ndipo mu 2010 inaphatikizana ndi Ticketmaster. Kampani imene boma linaisumira mu 2024 inamangidwa, mbali yaikulu, pa minda ija imene Barsalona anathandiza kugawa.

Otsutsa kampaniyi amati ikakhala pulomota, mwini bwalo ndi wogulitsa matikiti nthawi imodzi, ejenti alibe kwina kopita kukayerekeza mitengo. Kampaniyo imayankha kuti mtengo wa tikiti amauika ndi oimba ndi magulu awo, ndipo gawo lalikulu la ndalama zowonjezera pa tikiti limapita kwa eni mabwalo. Amene amakonda dongosolo latsopanoli amanenanso kuti oimba akuluakulu sanalandirepo ndalama zambiri ngati lero.

Chinanso chinasintha kunja kwa mabwalo. M'masiku a Premier, gulu linkayenda maulendo kuti chimbale chigulidwe, ndipo makampani ojambula nyimbo ankathandiza kulipira ulendo woluza. Intaneti itabwera, malonda a nyimbo zojambulidwa ku America anatsika kuchoka pa madola pafupifupi 14.6 biliyoni mu 1999 kufika pafupifupi 7 biliyoni mu 2014. Zinthu zinatembenuka: chimbale chinasanduka cholengezera ulendo. Ulendo wa Taylor Swift wa 2023 ndi 2024, wa madansi 149, unalowetsa madola oposa 2 biliyoni pa matikiti okha. Kubetcha kwa Barsalona kwa 1964, koti chuma cha woimba chili pasiteji, kunapambana kuposa mmene iye akanaganizira, ngakhale dongosolo lake la ubale linali litagulidwa kale.

## Chimene chimasunga munthu pantchitoyi

Ejenti alibe fakitale, alibe bwalo, alibe umwini wa nyimbo. Oimba ambiri akhoza kumusiya ndi foni imodzi, ndipo makampani opikisana naye amakhala akuwanyengerera mwakachetechete. Katundu wake ndi zimene akudziwa ndi anthu amene amamukhulupirira. Amadziwa kuti holo yakuti imamveka bwino koma khomo lolowetsera katundu ndi lopapatiza, kuti pulomota wakuti amachedwa kulipira koma amalipira, kuti mzinda wakuti anthu amagula matikiti sabata yomaliza ndiye musachite mantha. Zimenezi siziphunziridwa m'kalasi, ndipo zimachuluka ndi zaka. Iyi ndi imodzi mwa ntchito zochepa m'zisangalalo momwe imvi zimawonjezera mtengo wa munthu.

N'chifukwa chake ntchito zazitali si zachilendo m'gululi. Barbara Skydel anagwira ntchito ndi Barsalona zaka zoposa 30 ndipo anali mmodzi mwa amayi oyamba kukhala ndi mphamvu zotere m'malonda amenewa. Marsha Vlasic wakhala akuimirira Neil Young kuyambira m'zaka za m'ma 1970, akusintha makampani koma woimbayo osamusiya. Ku London, Neil Warnock anayambitsa The Agency Group mu 1981 ndipo anapitiriza ntchito kampaniyo itagulidwa ndi United Talent Agency mu 2015. Ejenti akasamuka kampani, oimba ake ambiri amamutsatira, umboni wakuti ubale uli ndi munthu osati chikwangwani cha pakhomo.

Kufooka kwa ntchitoyi kunaonekera mu Malichi 2020. Komishoni imabwera dansi ikachitika basi. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo, maejenti anakhala miyezi akusuntha maulendo omwewo kawiri kapena katatu, ntchito yochuluka kuposa ya masiku onse, popanda cholowa. Makampani anachotsa antchito ambiri, ena mwa ochotsedwawo anatsegula timakampani tawo, ndipo mu 2021 kampani ya maejenti ya Paradigm inagulitsa nthambi yake ya nyimbo ya ku North America kwa kampani ina ya Wasserman.

Palinso mbali imene achinyamata ofuna ntchitoyi sauzidwa kawirikawiri. Usiku wambiri umathera m'makalabu aang'ono kuonera magulu amene mwa khumi, asanu ndi anayi sadzapita patali. Ndipo ejenti ndi amene amanyamula uthenga woipa mbali zonse: kuuza woimba kuti matikiti sakuyenda ndipo ndi bwino kusamukira m'holo yaing'ono, kapena kupempha gulu kuti libweze gawo la galanti kwa pulomota amene wapsa, kuti chaka chamawa adzakhalepo.

Barsalona anayendetsa Premier Talent kwa zaka 38. Mu 2002 anaigulitsa kwa William Morris, imodzi mwa makampani akale aja amene ankanyoza rock iye ali mnyamata wosankha makalata. Mu 2005 analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, ndipo amene anamulandira pamwambowo anali Steven Van Zandt, woimba gitala m'gulu la Springsteen. Anamwalira ku New York pa 22 Novembala 2012 ali ndi zaka 74, atadwala matenda oiwalitsa a Alzheimer's.